Katani Yachisanu ndi Chinayi

Mayi Tepi anagwa pa makwerero Lolemba pa 10 Febuluwale, akupachika katani m'nyumba ya kasitomala. Fupa la mwendo wakumanja linathyoka pawiri, ndipo adokotala anawaika chikhakha cha milungu khumi ndi iwiri. Dzina lakuti Tepi linachokera pa tepi yachikasu yoyezera nsalu imene sinkachoka m'khosi mwawo, ngakhale kumaliro. Anali atasoka makatani zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo pa zaka zonsezo sanadulepo nsalu potengera muyezo wa munthu wina. Zenera ankaliyeza okha. Akatha kuyeza ankafunsa mafunso atatu: muno muzigona ndani, amadzuka nthawi yanji, ndipo akufuna kubisa chiyani.

Chaka chimenecho lamulolo linasweka, ndipo linaswekera pa nyumba ya mwana wawo yemwe.

Chimwalirireni amuna awo, zaka zinayi m'mbuyomo, ankakhala m'nyumba ya lendi pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna, mkazi wake ndi adzukulu awiri, mtsikana ndi mlongo wake. Makina awo osokera anali pabalaza, pansi pa zenera loyang'ana kum'mawa. Malowo sanangowasankha. Maso onse awiri anali atayamba ng'ala, ndipo bowo la singano ankaliona kuyambira seveni koloko mpaka teni koloko basi, dzuwa likamalowa pazeneralo. Kuwala kwa babu kunkangowaonetsa nkhungu. Ulusi ukaduka masana, ntchito ya tsikulo inkathera pomwepo.

Mwana wawoyo ankamaliza kumanga nyumba yake, yoti alowemo pa 1 Meyi. Tsiku limene ankakumba maziko anawalonjeza chinthu chimodzi, chipinda chawochawo chokhala ndi zenera la kum'mawa. Mayi Tepi sanapemphe china chilichonse. Kunyumba yatsopanoyo kunali masitepe opanda zogwirira ndi milu ya mchenga pakhomo, moti munthu wa ndodo ziwiri sakanafikako.

Pa 3 Malichi mpongozi wawo, amene anali namwino, anabwera ndi pepala n'kuliika pa makina.

"Ndakuyezerani ndine, amayi. Paliponse ndayeza kawiri."

"Wayezera chiyani? Kaja mumapanitsa ana m'khwapa?"

"Tepi, amayi. Amagulitsa kwa aliyense."

Mayi Tepi anayandikitsa pepalalo ku zenera. Panali mizere isanu ndi inayi. Pa mazenera awiri a pabalaza mpongoziyo analemba makatani a mabowo a zitsulo, aja ongolowetsa m'paipi.

"Amenewa ndi makatani a anthu aulesi," anatero Mayi Tepi. "Pabalaza pamafunika mapindo a atatuatatu otsina ndi manja, neti kumbuyo kwake, ndi kansalu kakafupi pamwamba kobisa njanji. Koma sindikudabwa. Kwanu kuja munkapachika chiyani pawindo? Si chiguduli?"

Zaka khumi ndi zisanu za ukwati zinamuphunzitsa mpongoziyo kuti mawu a apongozi ake ali ngati mvula, sautsutsa, umangodikira ikate. Anatenga cholembera, nafufuta mabowo a zitsulo, nalemba mapindo.

Anatsika nawo mzere ndi mzere. Kuchipinda chodyera, nsalu yopepuka yomanga m'chiuno ndi lamba. Kukhitchini, katani ya theka, yotchinga kunsi kokha kwa zenera, yochapika msanga ikagwira mafuta. Kubafa, yokwera ndi chingwe, ija imadzipinda yokha ngati masitepe. Kuchipinda cha eni nyumba, nsalu ziwiri zokhuthala zosalowetsa kuwala, chifukwa namwino akagwira ntchito usiku amagona masana. Kuzipinda ziwiri za ana, zazifupi zolekeza m'munsi mwa zenera, zokoleka ndi timalamba tansalu.

"Ana awiri, zipinda ziwiri? Mwalemera."

"Mtsikana wakula, amayi."

Mayi Tepi sanakhalitse pamenepo, chifukwa diso lawo linali litathamangira kale pa mzere womaliza. Panalembedwa kuti chipinda cha amayi, masentimita 160 m'lifupi, 245 m'litali. Unali muyezo wofika pansi penipeni. Mumtima anaona dzuwa likugwera pa makina, pa tebulo lodulira, mpaka pamapazi. Mafunso atatu aja sanafunse. Wogona m'chipindamo ankamudziwa, nthawi yake yodzuka ankaidziwa, ndipo analibe chobisa.

"Pamenepa pokha wachita ngati munthu wopita kusukulu," anatero.

Mwezi wa Malichi wonse anasoka akuponda makina ndi phazi lakumanzere, mwendo wa chikhakha atausanjika pa kampando. Nsalu iliyonse inkayamba yanyikidwa m'madzi ndi kuuma isanadulidwe, kuti ikafuna kufupika ifupikiretu. Mumpendero wa pansi ankabisamo masentimita khumi ndi asanu, monga ankachitira nthawi zonse, kuti mwini wake akadzasamukira m'nyumba ya mazenera aatali adzangomasula. Lachisanu pa 4 Epulo anamaliza katani yachisanu ndi chitatu. Yawo anaisungira kumapeto, ngati mwana wosunga chokoma pambali pa mbale.

Lolemba pa 7 Epulo m'mawa anayala nsalu yachikasu yopyapyala imene anaisunga zaka zitatu, ndi mphete makumi awiri zoti katani izitseguka ndi chala chimodzi. Asanagwire sizasi, mpongozi analowa kuchokera kuntchito, akadali m'yunifolomu, atapanira thabwa m'khwapa. Analitsamiritsa pa tebulo. Mayi Tepi sanafunikire tepi kuti adziwe kuti linali la masentimita 160.

"Imeneyo sikhala ya mphete, amayi. Mapindo ake akhomeredwa pa thabwa ili. Nsalu ikhale yokhuthala. Ndipo m'mbali musiyemo kamzere koyera ka chala chimodzi, kaja mumati kamanamiza diso."

Mpongoziyo anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

Katani ya mtundu umenewo sinali m'buku lililonse la masitayilo. Anaitulukira ndi Mayi Tepi omwe, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo. Nthawi imeneyo apongozi awo aakazi, mayi a amuna awo, ankakhala nawo, ndipo chipinda cha gogoyo ndicho chinali ndi zenera labwino. Mayi Tepi ankalifuna zeneralo kuti aikepo makina. Anasamutsira gogoyo m'kachipinda kosungiramo katundu, kopanda zenera. Kuti achibale asalankhule, anasoka katani yobiriwira yofika pansi, nakhomera mapindo ake pa thabwa, nalipachika pa khoma lopanda kanthu. M'mbali zonse ziwiri anasokerera kamzere ka nsalu yoyera. Munthu akaima pakhomo, kamzereko kankaoneka ngati kuwala kwa kunja kukuzemba m'mphepete. Aliyense wofuna kutsegula ankamuuza mawu omwewo: musatsegule, kuwala kumawapweteka maso.

Gogoyo anakhalamo zaka ziwiri ndi miyezi isanu, n'kumwalira. Pambuyo pake Mayi Tepi anasokeranso makatani otere anayi eni nyumba zogona alendo amene anali ndi zipinda zopanda mazenera, ndipo luso lake ankalifotokoza patebulo monyadira, osatchula amene anayamba kugona kuseri kwake. Mpongozi ankamvetsera akuchotsa mbale.

Madzulo a tsikulo mwana wawo atabwera kuntchito, anamuitana asanavule jekete.

"Nyumba yako ili ndi mawindo angati?"

"Amayi, ndatopa."

"Khala pansi uwerenge utakhala."

Anakhala. Anayang'ana thabwa lija, kenako makiyi a galimoto amene anali m'manja mwake.

"Eyiti."

"Makatani ndikusoka angati?"

"Mtsikana akulemba mayeso chaka chino. Akufunika powerengera powala. Sangamagone ndi mlongo wake pa msinkhu umenewu, inunso mukudziwa. Chipinda chanucho n'chabwino, amayi. Chili pakati pa nyumba, simuzizira. Bafa lili pomwepo, poganizira mwendo wanuwo."

"Pa pulani chinali chipinda cha chiyani?"

"Chosungiramo katundu. Koma tachikulitsa. Tikapuma pang'ono tidzaboola khoma."

"Kuseri kwa khomalo kuli chiyani?"

"Galaja."

Mayi Tepi anamenya chikhakha ndi chikhatho. "Paja amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Iwe wangouona kuthyoka, wandipinda kale n'kundiika pashelefu."

Mwanayo anaimirira, nakoleka jekete pa mpando mosamala, phewa ndi phewa.

"Agogo anakhalamo, amayi. Munkati sankadandaula."

Kwa masiku awiri Mayi Tepi sanagwire nsalu. Anaganiza zokana. Koma akanakana, mpongozi akanangogula katani yosokasoka kumsika n'kuipachika mokhota, khoma n'kukhala lomwelo. Anaganiza zoimbira achibale, koma ankadziwa yankho lake: mwana wakumangirani nyumba, mukufunanso chiyani? Mlandu wa mwana sauimba mayi wake. Pankafunika pakamwa pa munthu wina, ndipo pakamwa poteropo pankadziwika.

Mlamu wawo, mlongo wa malemu amuna awo, anthu ankamutcha a Wailesi. Ndiye mwana wamkazi yekhayo wa gogo uja. Masiku amenewo ankakhala kutali ndipo anabwera kamodzi kokha kudzaona mayi awo, nayamikira katani yobiriwira, namva za kuwala kopweteka maso, nabwerera. Zoona anazidziwa tsiku lotsatira maliro, akulongedza zovala za malemu. Anakoka katani kuti mulowe mphepo, misomali inazuka, ndipo anapezeka akuyang'ana khoma. Anatuluka nayo katani mpaka pamsewu. Analalata ola lathunthu, akuionetsa kwa aliyense wodutsa, kenako anaiponya pamapazi pa Mayi Tepi. Makasitomala anathawa zaka ziwiri. Awiriwo sanalankhulane zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kuchokera pamenepo ankangopatsana moni wa pamaliro.

Achibale anali ataitanidwa kudzaona nyumba Loweruka pa 10 Meyi, ndipo a Wailesi anali pa mndandanda. Mayi Tepi anawerengera motere: munthu amene anadzutsa msewu wonse chifukwa cha katani ya pakhoma sangaione kachiwiri n'kukhala chete. Adzakuwa pamaso pa abale onse, mwana adzachita manyazi, ndipo dzuwa lisanalowe mtsikana adzakhala akusamutsa mabuku ake. Chofunika chinali chakuti a Wailesi aizindikire msanga, asanachoke pakhomo.

Lachinayi pa 10 Epulo anauza mpongozi kuti akokere poyera sutikesi yachitsulo ya pansi pa bedi. Pansi penipeni panali katani yobiriwira ija. Tsiku limene inaponyedwa pamsewu anaitola, naichapa, naisita, naisunga, pakuti nsalu yabwino sitayidwa chifukwa cha mkangano. Inali yobiriwira ngati yogula dzulo. Nsalu imene sinaonepo dzuwa sisuluka.

"Yokongola," anatero mpongozi, akuisisita. "Bwanji simunaigulitse?"

"Inkadikira nyumba yoyenera."

Inali ya masentimita 230 m'litali. Anamasula mpendero, masentimita khumi ndi asanu aja anatsika, n'kukwana 245 ndendende. Mapindo anawamasula onse n'kuwatsinanso motalikirana pang'ono kuti adzaze thabwa latsopano. Kamzere koyera kanali katachita chikasu, ndiye anasokererapo katsopano. Mabowo a misomali yakale anawatseka ndi ulusi wobiriwira, limodzilimodzi, moti ngakhale mwini wake ankavutika kuwapeza. Ntchitoyo inawatengera masiku asanu ndi limodzi, m'mawa mokhamokha, ndipo inali yabwino kuposa makatani asanu ndi atatu aja.

Anasamuka Lachinayi pa 1 Meyi. Chipindacho chinali cha mamita atatu mbali iyi, awiri ndi theka mbali inayo. Munali bedi, mpando, makina pakona, ndi babu limodzi pakati pa denga. Katani inali itapachikidwa kale moyang'anizana ndi khomo, ndipo Mayi Tepi ataima pakhomopo ndi ndodo zawo, diso lawo lomwe linanamizika kaye. Anafunsa zoika makina pabalaza. Mpongozi anati matailosi ndi atsopano, ndipo mapindo a atatuatatu sayenderana ndi ulusi wogwera pansi. Pa 5 Meyi anawachotsa chikhakha. Makina anakhala chivindikirire. Mayi Tepi ankawerenga masiku.

Pa 10 Meyi alendo anayamba kufika leveni koloko. Ali m'chipinda mwawo, atavala diresi labwino ndi tepi m'khosi, ankamva gulu likuyenda chipinda ndi chipinda, mpongozi ali patsogolo ngati woonetsa malo. Anamva akuyamikira mapindo a pabalaza. Anamva wina akukoka chingwe cha katani ya kubafa kasanu konse, anthu akuseka. Pamwamba pa mawu onsewo pankamveka a Wailesi, akufunsa chifukwa chake khitchini yavala siketi yokha yopanda bulauzi.

Kenako khomo linadzaza anthu.

"Muno ndi mwa amayi," anatero mpongozi. "Makatani onse mwaonawa asoka ndi iwowa, mwendo uli m'chikhakha."

A Wailesi analowa patsogolo, chikwama chili pamkono. Anali atanenepa, tsitsi litayera, koma maso anali akuthwa ngati kale. Anayamba moni, nalekeza pakati. Anayang'ana katani kuyambira pa thabwa mpaka pansi. Anayang'ana kamzere koyera kumanzere, kenako kumanja. Mayi Tepi anagwira m'mphepete mwa bedi kudikira.

A Wailesi anaponda katatu n'kufika pakatani. Analowetsa dzanja kuseri kwake, mwakachetechete, ngati munthu wofufuza m'thumba la jekete la mwamuna wake. Dzanjalo linakhala komweko kanthawi. Mwana wa Mayi Tepi, amene anaima kumbuyo kwa gulu, anayamba kuyang'ana foni yake.

"Koma ndiye nsalu," anatero msuweni wina wamkazi, akudzipanikiza kuti alowe. "Windo lake likuyang'ana kuti? Tatseguleni tione kunja."

Anatambasula mkono. A Wailesi anamugwira padzanja, mofatsa, n'kulitsitsa.

"Musatsegule," anatero. "Kuwala kumawapweteka maso."

"Zoona, ali ndi ng'ala," anatero mpongozi.

"Pepani amayi, sindimadziwa," anatero msuweniyo. "Koma ana anuwa amakuganizirani. Ena akanangokuikani padzuwa."

Anthu anavomereza ndi mitu. Wina anati chipinda n'chofunda, wina anati bafa lili pafupi. Mpongozi anawaitanira ku tiyi, ndipo gulu linabwerera m'khonde, likukangana za mtundu wa matailosi.

A Wailesi anatsalira. Anakhala pa mpando, naika chikwama pamiyendo, nayang'ananso katani.

"Mwaitalikitsa," anatero.

"Alamu," anatero Mayi Tepi. "Mwakhudza khoma."

"Ndakhudza. Pulasitala wabwino. Uja wa kwanu anali wokhakhala, mayi anga ankachita kukalika zala."

"Ndinu azakhali ake. Mukalankhula inu amva. Sindikupempha zambiri, ndikungofuna poonera singano."

"Ine ndinalankhula kale, alamu. Ola lathunthu, pamsewu. Munandiyankha chiyani paja? Munati nkhalamba sisowa windo, imasowa tulo." Anatsegula chikwama, natulutsa kampango, napukuta zala zimene zinakhudza khoma. "Anthu amati ndine wailesi. Wailesinso imakhala ndi pozimitsira."

"Ndiye mwabwera kudzaseka."

"Ndabwera kudzaona nyumba. Ndipo ndaiona, ndi yabwino. Mwana wa mlongo wanga wamanga." Anaimirira, nakonza diresi kumbuyo. "Mayi anga anakhala zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Koma iwo anali ofooka kale, chifuwa chija. Inu ndinu olimba, alamu. Fupa lathyoka pawiri, miyezi itatu mwaimirira. Inu mukhalitsa."

Pakhomo anaima, dzanja lili pa switchi.

"Ndizimitse, kapena mumafuna loyaka?"

A Wailesi analisiya loyaka, natseka chitseko bwinobwino. Patangopita kanthawi mawu awo anamveka pabalaza, akufunsa ngati m'nyumba yaikulu chonchi shuga amachita kubisa.

Alendo anachoka folo koloko. Mtsikana anabweretsa tiyi ndi kubwerera ku mabuku ake. Kudzera pachitseko Mayi Tepi anamva mpongozi akuuza mwamuna wake kuti zayenda bwino, ndiponso kuti azakhali ayamikira kwambiri chipinda cha amayi.

Lamlungu pa 11 Meyi anadzuka nthawi yawo ya masiku onse. Wotchi ya pafoni inati 6:50. Anavundukula makina, nakokera mpando pafupi ndi katani, kumbali imene mwa kuwerengera kwawo kunali kum'mawa. Anatenga singano ndi ulusi woyera, nanyowetsa nsonga yake ndi malovu. Seveni koloko itakwana anakweza singano kuloza pa kamzere koyera, monga ankachitira pa zenera la nyumba ya lendi, ndipo anayesa. Ulusi unadutsa pambali. Anayesanso kasanu ndi kawiri.

Mpongozi anagogoda, nasuzumira, atanyamula diresi la sukulu la mtsikana.

"Amayi, mpendero wamasuka. Mungathe, kapena ndipititse kwa telala?"

Mayi Tepi anayang'ana singano, nayang'ana diresi.

"Pititsa kwa telala," anatero. "Umuuze abisemo masentimita asanu. Mwanayo akukula."